Khutu la Nyumba

Bambo anga anthu a mumsewu mwathu amawatcha a Mlongoti. Ena amaganiza kuti n'chifukwa cha msinkhu, poti ndi aatali komanso owonda, koma dzinali linabwera ndi chipayipi chimene anachimangirira kukhoma la bafa ine ndisanabadwe. Pamwamba pa chipayipicho pamachoka waya, n'kudutsa pabwalo ponse kukafika pa mtengo wa aneba, ndipo nsonga ina imatsika kudzalowera pazenera la kachipinda kamene m'nyumba zina akanaikamo makasu ndi zidebe. Amayi anayanikapo zovala pa wayayo kamodzi kokha m'moyo wawo, ndipo mlandu wake sunathe mpaka lero.

M'kachipindamo muli tebulo, mpando, wayilesi yakale ya singano yoyenda, mahedifoni ndi mulu wa makope. Ababa samvera wayilesi ngati anthu ena. Nyimbo alibe nazo ntchito, mpira sawudziwa. Chawo n'kusaka masiteshoni akutali, a m'mayiko amene sadzapondako, olankhula zilankhulo zimene sadziwa ndi moni womwe. Akuti nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanatuluke ndi madzulo likamalowa, ndiye ine ndi achimwene tinakula tikudziwa kuti nthawi zimenezo bambo tilibe. Akagwira siteshoni amalemba m'kope tsiku, nthawi, pamene singano yaima ndi zimene amva, kenako amajambula ndodo. Ndodo imodzi ndiye kuti mawu akumveka movutikira, ndodo zisanu ndiye kuti wolankhulayo ali ngati wakhala nawo patebulo pomwepo. Akatero amalembera kalata eni siteshoniwo kuwauza kuti ndakumvani, ndipo ena amayankha pakatha miyezi ndi khadi la chithunzi. Makhadiwo alipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, m'chitini cha mabisiketi chimene chanamiza alendo ambiri.

Wayilesiyo anawapatsa ndi kapitawo wawo woyamba, atapuma ntchito n'kumabwerera kwawo. Inali ilibe chotsekera kumbuyo ndipo munkakhala mphemvu. Ababa anaikonza okha, ndipo tsiku loyamba kuitsegula anagwira munthu akuwerenga manambala m'chilankhulo chachilendo. Kuyambira pamenepo matendawa sanawasiye. Pasipoti alibe, ulendo wawo wautali kwambiri unali wa pabasi kukakwatitsa achimwene, koma atha kukuuza kuti kutsidya kwina kukucha tsopano, kwina anthu akupita kukagona. Nthawi ina anayesanso za TV. Anagwira chithunzi cha mayi wina akuloza mitambo pa mapu, chodzaza timadontho, n'kuthamanga kukaitana aneba. Pamene anthu ankalowa m'nyumba, mayiyo anali atapita, patatsala timadontho tokha. Aneba anayang'ana timadonthoto mwaulemu kwa kanthawi, n'kutsanzika.

Ndili wamng'ono anandivekapo mahedifoni aja. Ndinamva bambo wina akulankhula ngati ali pansi pa madzi.

"Ababa, akuti chiyani?"

"Kaya."

"Ndiye mukumveranji?"

"Ndikumva kuti alipo," anatero, n'kundivula mahedifoniwo chifukwa ndinali kuwatayitsa nthawi.

Ntchito yawo ndi ya makina osindikizira. Kwa zaka zoposa makumi atatu akhala akusindikiza mabuku a malisiti, makalendala ndi mafomu a masukulu. Ndinapitako kangapo kukawasiyira chakudya. Makinawo ndi chinthu chachikulu chakuda, ndipo akayamba kulira simenti imanjenjemera mpaka munthu kuzimva m'mano. Ababa amaima malo amodzi tsiku lonse, phewa lamanzere litayandikira makinawo, maso ali pa mapepala amene akutuluka, kudikira lodetsedwa ndi inki kuti alisolole. Anthu a m'menemo salankhulana. Amangolozerana ndi manja n'kumayang'anana pakamwa.

Amayi amatiuza kuti atangolowa m'banja anazindikira kuti akwatiwa ndi msana wa munthu. Anadandaula mpaka awiriwo anagwirizana chimodzi: khutu lamanja ndi la dziko, lamanzere ndi la nyumba. Ababa akavala mahedifoni, ya kumanzere amaikankhira kumbuyo kwa khutu kuti wina akaitana amve. Panali lamulo limodzi loonjezera. Akakweza chala m'mwamba ndiye kuti agwira chinachake chosowa, ndipo aliyense akhale chete mpaka chalacho chitsike. Ine ndi achimwene tinaphunzira kudula kulira pakati chifukwa cha chala chimenecho.

Koma kunena zoona, khutu la nyumbalo silinatumikirepo bwino chiyambire. Ababa ndi munthu wosamva, ndipo izi ndikunena ndi chikondi chonse. Uwauze kuti kunja kukugwa mvula, akwera padenga kukawongola waya. Uwauze kuti mankhwalawa amamwa atadya, amwa asanadye kuti aone chimene chichitike. "Bambo anu samva," amayi ankatero pafupifupi tsiku lililonse, monga mmene ena amanenera kuti lero kwatentha. Ndiye pamene anayamba kusayankha foni, kusatembenuka ukawaitana, kuyankha kuti eya pa funso lofuna dzina la munthu, ife tinangoti ukalamba wawonjezera makani.

Chaka chatha anagwira siteshoni imene inawabalalitsa mutu. Sinkalankhula, sinkaimba. Unali mluzu woonda, wosadukiza, ndipo ankati pansi pake pamamveka ngati anthu akukambirana m'chipinda china. Chodabwitsa n'chakuti unalipo m'mawa, unalipo madzulo, ndipo singano ikhale kumayambiriro kapena kumapeto, mluzu unali womwewo.

Ine ndimaluka tsitsi ku saluni, ndipo ndimachita lendi kachipinda mbali ina ya tauni. Loweruka lina nditabwera kudzawaona anandikokera m'kachipinda kawo ndisanavule ndi nsapato zomwe.

"Siteshoni singakhale paliponse," anandiuza. "Iliyonse ili ndi malo ake. Iyi ilibe. Tamvera."

Ndinavala mahedifoni. Ndinamva phokoso la masiku onse lija, longa la mafuta m'chiwaya, koma mluzu ayi. Iwo anali atandiyang'ana ndi maso a chiyembekezo, ndipo ine ndinali ndi kasitomala wondidikira masana.

"Ndikuumva pang'ono," ndinatero.

Bodza limeneli limandiwawa mpaka pano. Analilemba m'kope kuti mwana nayenso waumva.

Kenako anayamba kusaka wolakwa. Choyamba anakayikira mababu atsopano, ndipo anawachotsa onse n'kubwezeretsa akale. Mluzu unalipo. Anazimitsa filiji tsiku lathunthu osauza munthu, nyama ya amayi n'kuwonongeka. Mluzu unalipo. Anapita kwa neba wathu wowotcherera mageti kukamupempha kuti aime kaye mphindi khumi. Munthuyo, poti amawalemekeza, anazimitsa makina n'kukhala pampando, ababa n'kuthamangira kunyumba, n'kubwerako nkhope itagwa kudzamuuza kuti apitirize. Potsiriza ananyamula wayilesi kupita nayo kwa mmisiri wa kumsika. Mmisiriyo anaitsegula, anauzira fumbi, anaimvetsera nthawi yaitali, n'kuwauza kuti wayilesiyo ilibe mlandu.

"Amisiri a masiku ano samva," ababa anatero atafika kunyumba, ndipo amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

Kuseka kumeneko kunali komaliza kwa nthawi yaitali. Mwezi wotsatira amayi anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo achipatala anawapatsa tsiku la opaleshoni, Lachinayi. Anandiimbira foni Lolemba madzulo, mawu awo ali ouma.

"Bambo ako ndawauza."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Udzandipeze pa geti la chipatala Lachinayi m'mawa. Ubwere ndi beseni."

Ndinaganiza kuti ababa adzabwera nawo. Lachinayi ndinaona amayi akutsika basi okha, kachikwama m'manja. Ababa anali atapita kuntchito monga mwa masiku onse, atawasiyira tiyi m'fulasiki. Masiku awiri apakatiwo amayi sanabwerezenso nkhaniyo, ankafuna aone ngati mwini wake aiyambe yekha. Ndinaimba foni ya ababa kasanu, osayankha. Amayi anandilanda foni yanga n'kuiponya m'chikwama mwawo.

Nesi wolemba mafomu anafunsa kuti amuna awo ali kuti.

"Ndinawauza," amayi anayankha, "koma samva."

"Pepani kwambiri," anatero nesiyo. "Mukanawalembera papepala. Ife agogo athu timachita kuwalembera."

Ine ndi amayi tinayang'anana, ndipo ngakhale tinali ndi mantha tinabisa nkhope kuti tisaseke. Nesiyo atachoka amayi anandinong'oneza kuti sukulu yamuchotsa nzeru mtsikanayu.

Opaleshoni inayenda bwino. Chotupacho anachitumiza kuti akachiyeze, ndipo anati zotsatira tidzamve pakatha milungu itatu, Lachinayi linanso. Madzulo ndinapita kunyumba nditapsa mtima kwambiri. Ndinawapeza m'kachipinda kawo, akadali m'zovala za kuntchito, mahedifoni ali kumutu. Ndinawazungulira n'kuima kutsogolo kwawo, ndipo mawu amene ndinawauza mwana sayenera kuuza bambo ake. Anandiyang'anitsitsa pakamwa. Kenako anadzuka, mpando n'kugwa, n'kutuluka atavala masilipasi.

Kuchipatala anaima pambali pa bedi, akupuma mwawefuwefu, n'kunena mawu amene anamaliza zonse.

"Mayi, bwanji simunandiuze?"

Amayi anatembenukira kukhoma.

Atatuluka m'chipatala ndinabwerera kunyumba kudzawasamalira. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoimbira achimwene, amene amakhala tauni ina ndi banja lawo, kuti adzawatenge Loweruka pakatha milungu iwiri. Za zotsatira anati adzabwera kudzamva ndi mpongozi wawo.

"Mukukapuma kaye?" ndinafunsa.

"Ndikukakhala."

Anayamba kulongedza pang'onopang'ono, poti bala silinkawalola kuwerama. Lero zithunzi, mawa mbale zagalasi, mkuja nsalu za ku shopu yawo ya kumsika. Ine ndinkawanyamulira makatoni ndikulira chamumtima, chifukwa ndinali kumbali yawo koma sindinkafuna kuti apite.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndapirira kusamva," anandiuza tsiku lina. "Koma kundiyesa wabodza ndili ndi ulusi pamimba, zimenezo ayi. Munthu womva anthu a kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ine ndili pakhomo pomwepa osandimva?"

Ababa ankangozungulira m'nyumba. Ankaona makatoni akuchuluka n'kumandifunsa kuti kodi mayi ako akutani, akuganiza kuti akunong'ona pamene mawu awo ankafika mpaka kwa aneba. Ndinawauza zoti amayi akuchoka. Analumbira kuti sanauzidwe kanthu, amayi analumbira kuti anawauza, ndipo ine amene sindinawagwirepo bodza onse awiri sindinadziwenso choganiza. Madzulo akafika ankalowabe m'kachipinda kaja. Ndinaida wayilesiyo moti ndinkalakalaka nditaiponya m'ngalande.

Lamlungu, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Loweruka lija lifike, ababa anandipempha kuti ndiwaperekeze ku bwalo la mpira la kuseri kwa sukulu. Anati akufuna kuyesa wayilesi kutali ndi mawaya a magetsi, aone ngati mluzu uwatsatire. Ndinadabwa kuti nyumba ikupasuka iwo akadali pa mluzu, koma ndinavomera chifukwa ndinkafuna malo oti ndiwakalipire amayi asakumva. Iwo ananyamula wayilesi, ine anandipatsa mpukutu wa waya ndi kajumbo ka mabatire, poti kubwaloko kulibe magetsi.

Bwalo linali lopanda munthu. Anaponya waya pamwamba pa golo, anakhala pa udzu, anavala mahedifoni n'kupotokola batani. Nkhope yawo inasintha.

"Wanditsatira," anatero. "Ndipo kuno wayera bwino, palibe phokoso lina lililonse. Ndodo zinayi."

Anatulutsa kope. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambe zanga, koma ndinayang'ana m'manja mwanga. Kajumbo kaja kanali kakadali komanga, mabatire onse asanu ndi limodzi ali momwemo.

Ndinagwada kutsogolo kwawo n'kuwaonetsa. Anayang'ana mabatire, anayang'ana wayilesi. Anaitembenuza, anatsegula kumbuyo, n'kulowetsa zala m'malo opanda kanthu aja kufufuza ngati batire lina labisala. Anavula mahedifoni. Anatseka makutu ndi manja, anatsegula, anatsekanso.

"Ukadalipo," anatero. "Ndiye ukuchokera kuti?"

Ndinapita kumanzere kwawo n'kuwaitana ndi mawu a masiku onse. Sanaphethire n'komwe. Ndinazungulira kumanja n'kubwereza, ndipo anatembenuka. Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unasowa kolowera. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha, ndipo ndinakumbukira nesi uja tinamuseka. Pobwerera ababa ananyamula wayilesi m'khwapa, dzanja lina likumagwira khutu, kulikoka, kulisiya. Titatsala pang'ono kufika anati mayi ako usawauze, ali ndi zawo.

Ndinawauza ndithu. Ndinawapeza kukhitchini akutsitsa makapu.

"Amayi, ababa samva."

"Wadziwa lero?"

"Ayi, ndikutanthauza kuti sakumva."

"Nanga ine ndakhala ndikunena chiyani zaka zonsezi?"

"Makutu, amayi. Makutu enieniwa."

"Makutu ali nawo awiri ngati wina aliyense. Tandipatsa nyuzipepala iyo ndikulunge makapuwa."

Ndinaimbira achimwene. Nawonso anaseka, n'kuti mlongo, imeneyo ndi nkhani yakale. Ndinayesa kufotokoza za mabatire, iwo n'kuti ndiye kuti madala ayamba kuiwalaiwala. Ndinadula foni ndisanatsanzike.

Woyeza makutu anatipatsa malo Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti achimwene abwere. Anali dokotala wachizimayi, wachikulire. Anawalowetsa ababa m'kachipinda kotseka, anawaveka mahedifoni, n'kuwauza kuti akamva kulira azikweza chala. Ababa anakhala tsonga, zikuoneka kuti ntchito imeneyi ndi yawo. Ine ndinkawaonera pagalasi. Poyeza lamanja chala chinkakwera, mochedwa koma chinkakwera. Poyeza lamanzere dokotala ankawonjezera mphamvu, kuwonjezera, chala chili pabondo.

Atamaliza anawafunsa ntchito imene amagwira ndi mbali imene makina amakhala. Anati lamanzere linayamba kufa kalekale, pang'onopang'ono, ndipo lamanja latsala mwina theka. Za mluzu anati ndi khutu lenilenilo likulira, ndipo sudzapezeka pa wayilesi iliyonse.

"Koma uli pa nambala yanji?" ababa anafunsa.

Dokotala anawayang'ana kaye, kenako anawavekanso mahedifoni n'kuyamba kuwaimbira miluzu yosiyanasiyana mpaka anapeza wofanana nawo. Anawauza nambala yake. Ababa anailemba m'kope mosamala, n'kudula mzere pansi pake.

Madzulo ndinapatsa amayi pepala la dokotala. Analiwerenga kawiri ali pakati pa makatoni. Ndinaona kuti lawafika pamtima, koma sanagonje.

"Pepalali ndalimva," anatero. "Koma Lolemba lija anandimva. Ndinaima pakhomo pa kachipinda kawo, mbali ya khutu langa lomwelija. Nditayamba kulankhula anaumitsa khosi, ndinaona ndi maso angawa. Ndili pakati pa mawu, anandikwezera chala. Ine ndikunena za mpeni pamimba panga, iwo chala. Ndinakhala chete, iwo n'kutenga cholembera n'kuyamba kulemba. Ndinachokapo."

"Analemba chiyani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Za abale awo akutsidyawo."

Ndinapita kukachipindako. Ababa anali atakhala pampando, wayilesi ili yozima, manja ali pamawondo. Ndinatenga kope patebulo, sanandiletse. Ndinabweza masamba mpaka Lolemba lija, n'kuwawerengera amayi mokweza nditaima pakhomo.

"Lolemba, 5:40 madzulo. Singano chakumapeto. Pansi pa mluzu pamveka mawu a mayi wina, chilankhulo chathu chomwe. Kutali kwambiri, ndodo imodzi. Ndatolapo Lachinayi, chipatala, mwinanso ndikuopa. Zaduka mwadzidzidzi. Sindikudziwa kuti ndi siteshoni yanji, koma mawu ake ngati ndimawadziwa. Ndidzasakenso Lachinayi."

Mawu a amayi anali atadutsa khutu lakufa lija n'kukalowera lamanja, pansi pa hedifoni, ababa n'kuyesa kuti akuchokera m'wayilesi. Chala chija anakwezera kuti m'nyumba mukhale chete, amumve bwino mayiyo.

Ndinatembenuza tsamba. Lachinayi anali atapempha kuweruka masana. Nyumba anaipeza yopanda munthu ndipo sanadabwe, poti nthawi imeneyo amayi amakhala ku shopu. Ndinawerenganso mokweza.

"12:30, palibe. 1:15, palibe. 2:00, mluzu wokha. 3:10, ndawongola waya, palibe. 4:30, palibe. Mayi uja kaya zamuyendera bwanji kuchipatalako."

Amayi anakhala pa katoni. Poyamba anaseka, kuseka kopanda mawu, atagwira pamimba kuti bala lisatanuke. Kenako sikunalinso kuseka. Ine ndinaima ndi kope m'manja osadziwa kuti ndigwire ndani.

Ababa anali akundiyang'ana pakamwa nthawi yonseyo, koma sanatolepo zambiri. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kope, n'kuwalozera mzerewo, n'kuloza amayi. Anawerenga okha, chala chikutsatira malemba. Anabwereza. Anayang'ana chitseko, anayang'ana wayilesi, n'kuyang'ananso chitseko.

"Munali inu?"

Amayi anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinakusakani tsiku lonse," ababa anatero.

Kenako anatenga mahedifoni. Mumtima ndinati basi, munthuyu sadzasintha. Anawavala, n'kukankhira ya kumanja kumbuyo kwa khutu, ya kumanzere n'kuisiya pa khutu lakufa lija. Ananyamula mpando n'kuutembenuza kuti khutu lamanja liloze kuchitseko.

"Dziko litenge ili," anatero akugogoda lamanzere. "Latsala limodzi. Lankhulani, mayi."

Amayi, amene akhala zaka makumi atatu ndi zisanu akudandaula kuti samvedwa, anasowa chonena. Anayang'ana makatoni, anayang'ana ine, anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Mwanawe, uwaimbire achimwene ako asawononge mafuta mawa."

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kulowa m'kachipindamo, mmene sanapondemo chichitikire mlandu wa zovala uja. Anaima pafupi ndi mpando.

"Lachinayi ndikukamva zotsatira," anatero. "Ndikuopa."

"Lachinayi," ababa anabwereza. "Nthawi yanji?"

"Eyiti koloko. M'basi mukakhale kumanzere kwanga."

Ababa anatsegula tsamba latsopano n'kulemba zonsezo, tsiku, nthawi ndi mawu ake. Atafika pa ndodo anazengereza. Anajambula zitatu, n'kusiya mpata.

"Tayandikirani pang'ono, mayi," anatero. "Mubwerezenso."